Amayi Anga Ankagwera Kumanzere Kokhakokha

Mundikhululukire, ndiwerenga papepala. Aphunzitsi anati ndingoimirira n'kulankhula za mumtima, koma amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndikaima pamaso pa anthu mawu amandithawa. Kulemba ndiye ndimakutha, chifukwa ndinazolowera kulemba zimene ndaona tsiku lililonse. Zimene ndikuwerengazi ndawawerengera kaye amayi anga dzulo. Pamene anati ndifufute, ndafufuta. Pena wofuna kufufuta ndinali ine chifukwa cha manyazi, iwo akana, ndiye ndasiya.

Dzina langa ndine Tadala, ndili Fomu 3. Kwathu ndi cha ku Nsambe, kumtunda kolima mbatatesi ndi tirigu. Amayi amene mwabwera, ndi inu atsikana anzanga, ndikuona kuti ena mwafunda mpango mpaka m'masaya ngakhale lero sikukuzizira. Sindikuloza munthu ayi. Ndingoti mpango umenewo ndimaudziwa.

Amayi anga ankagwa kwambiri.

Akafunsidwa kumjigo za diso lotupa ankati, "Ndinagwa pamtsetse wa kudimba." Kutchalitchi ankati anagwa pakhonde. Dzino litaguluka anati anagwa atasenza nkhuni. Ndipo anthu ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse: "Pepani make Tadala, kumeneku kumaterera, muziponda bwino." Anthu amenewa nyumba zawo zinali pafupi moti wina akatsokomola tinkamva. Ankamva zonse. Mayi wina woyandikana nafe, zikangoyamba, ankakweza wailesi.

Ndinene mosamala za bambo anga, chifukwa ndi bambo anga. Ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, akuthamanga pambuyo panga atagwira keliyala. Ankandisendera nachesi n'kuchotsa nthanga kuti ndisatsamwe. Koma malole akayamba kubwera kudzagula mbatatesi, bambo ankachoka m'mawa kupita kumsika n'kubwera masana akununkha kachasu, ndipo chilichonse chinkasanduka mlandu: mchere wachepa, mbuzi yamasuka, amayi ayankha moni wa munthu wodutsa. Pambuyo pake anasiya kudikira mowa. Ankamenya ali bwinobwino, atangomwa tiyi. Ndanena zimenezi dala, chifukwa anthu amakonda kunamizira kachasu kuti asamutchule munthu.

Musaganize kuti amayi ankangokhala. Ankathawa. Ankamubereka Tiya, mng'ono wanga, ine ndili pambuyo, n'kupita kwa amalume a Jailosi, mchimwene wawo, amenenso ndi nkhoswe ya ukwati wawo. Amalume ankatilandira bwino, kutipatsa chakudya, n'kutumiza uthenga kwa alamu awo. M'mawa mwake bambo ankabwera atasamba, atavala jekete, atanyamula chitenje chatsopano m'jumbo. Ife ana ankatiuza kuti tikasewere. Koma kuseri kwa nkhokwe kumamveka zonse.

"Achemwali, banja ndi kupirira," ankatero amalume. "Alamuwa apepesa. Nanga mukufuna anawa akule ngati amasiye bambo awo ali moyo?"

Amayi ankalandira chitenjecho ndi manja awiri, ndipo amalume ankatiperekeza okha mpaka pakhomo. Amayi anali ndi zitenje zambiri kuposa mayi aliyense m'mudzi mwathu, moti anzawo ankawasirira. Chaka chilichonse bambo ankawagawirako amalume feteleza. Nthawi imeneyo sindinkaona kuti zimenezi zikugwirizana bwanji.

Tsopano za ine, chifukwa ine ndiye ndinagwadi. Ndinali mwana wokhoza m'kalasi. Ndinayamba kujomba masiku a msika, poganiza kuti ndikakhalapo bambo achita manyazi. Sanachite. Kenako ndinayamba kujomba masiku enanso, chifukwa ndikakhala m'kalasi aphunzitsi ndinkangowaona pakamwa, m'makutu mukumveka za kunyumba. Mayeso a Fomu 2 ndinalephera. Ndinasiya sukulu, ndinasiyanso kulankhula, ndinkangoyankha ndi mutu. Ndiye panali bambo wina wogula mbatatesi, waimvi kale, amene ankabwera ndi lole kuchokera ku Blantyre. Anandiuza kuti anditenga ndikakhale kutauni ngati mkazi wake. Ndinavomera. Sindinkamukonda, ngakhale dzina lake lenileni sindinkalidziwa. Ndinkangofuna nyumba ina iliyonse imene si yathu. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu. Amalume atamva anati, "Mwanayu wapeza mwayi." Palibe wamkulu ngakhale mmodzi amene anakwiya. Amayi okha ndi amene analira, koma analira mobisa, chifukwa analibe kwina kondilozera.

Ndinali nditalongedza kale zovala m'chikwama, ndikungodikira kuti lole ibwerenso, pamene bambo anawamenya amayi ndi mpini wa khasu. Kunali masana, dzuwa lili pamutu. Bambo atatuluka, amayi sankatha kupuma bwino. Ndinawakweza panjinga n'kumaikankha mpaka kuchipatala chathu chaching'ono. Njira yonse ankangondibwereza: "Ukafunsidwa, ndagwa. Wamva Tadala? Ndagwa."

Tinapeza anesi ochokera ku Rumphi, amene amayi a kwathu ankawaopa kuti ndi aukali. Chichewa chawo chinkamveka chakumpoto, ndipo mayi aliyense ankamuitana kuti amama.

"Mwatani, amama?"

"Ndagwa."

"Mwagwa kuti?"

"Pamtsetse wa kudimba."

Anesiwo anagwira nthiti pang'onopang'ono, amayi n'kuluma mlomo. Kenako anagwira chipsera cha pamwamba pa diso.

"Nanga apa?"

"Ndinagwa chaka chatha."

Anawanong'oneza kanthu kukhutu la kumanzere, amayi sanamve. Anawauza kuti ayasamule, anaona mpata wa dzino lija. Anawapempha kuti akweze chitenje aone mawondo, kenako anatembenuza zikhatho zawo. Atatha anavula magolovesi, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana nawo, ngati kunjako kulibe mzere wa anthu.

"Amama, inenso ndagwapo pamatope anu a kunowa, mpaka ana asukulu anandiseka. Munthu lero amagwera uku, mawa uko, tsiku lina chagada. Ndipo amasupuka mawondo ndi zikhatho, chifukwa thupi limadziteteza lokha. Inu mawondo ali bwinobwino. Diso la kumanzere, khutu la kumanzere, dzino la kumanzere, lero nthiti za kumanzere. Mtsetse wanuwo umadyera dzanja lamanja eti?"

Amayi anaseka. Sanafune, kunangowapulumuka, ndipo nthiti zinawapweteka moti anagwira m'mphepete mwa bedi. Kuseka kuja kunasanduka kulira. Anesi anandiyang'ana ine, ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimene anandiuza panjira.

"Iwe usayankhe," anatero. "Si katundu wako ameneyu."

Kunja mwana wina ankalira pasikelo. Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenako ananena mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo chibadwire changa.

"Sindinagwe."

Basi. Sanawonjezere, ndipo anesi sanawakakamize.

"Mukachoka pano mupita kuti?" anafunsa.

"Kwa achimwene."

"Akakusungani?"

Amayi anawerama.

"Ndiye si kothawira kumeneko, amama. Ndi kokhotera."

Ndikamakumbukira tsiku limenelo ndimayamika, komanso mtima umandiwawa. Munthu woti afunse funso anachita kuchokera ku Rumphi. Mudzi wonse unali ndi maso, unali ndi makutu, ndipo unkangoti muziponda bwino.

Anesi anaimbira foni mayi wina wa kuofesi yoona za mabanja ndi ana ku Boma. Ambulansi inatitengera kuchipatala chachikulu, kumene amayi anagonekedwa. Mayi wa kuofesi uja anapita ndi wapolisi wamkazi kukamutenga Tiya kusukulu. Amayi atatulutsidwa, sitinakwerenso kumtunda. Mayi wa kuofesi uja anatitengera kunyumba ina.

Sindikuuzani pamene ili, ndipo musandifunse tikatuluka, chifukwa muli anthu m'menemo lero. Ndi nyumba wamba ya malata, yokhala ndi mpanda ndi geti lotsekera mkati. Imayendetsedwa ndi gulu la amayi, ndipo amasungamo amayi ndi ana othawa nkhanza kwa miyezi ingapo, mpaka atapeza poyambira. Woyang'anira tinkawatcha Anaphiri, mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka kutsidya.

"Takulandirani kuchidikiro," anatero potitsegulira geti.

Amayi anadabwa. "Koma ine sindine woyembekezera."

"Onse amatero pofika. Kuno timadikira ndithu, mayi. Kungoti wobadwayo mukhala inu nomwe."

Tisanazolowere n'komwe, Tiya anagwetsa mbale yadothi pasimenti. Anathamangira kunsi kwa bedi. Amayi anaimirira atadziphimba kumaso ndi mkono. Ine ndinangouma pomwe ndinali. Anaphiri anasuzumira kuchokera kukhitchini.

"Yasweka mbale eti? Tsache lili kuseri kwa chitseko."

Anabwerera kukaphika. Palibenso china chimene chinachitika. Tinadikira tsiku lonse kuti china chichitike.

Kudzuka kunayenda pang'onopang'ono. Poyamba anangotisiya tigone, ndipo amayi anagona ngati munthu wobwera kuulendo wapansi. Kenako anatiuza malamulo: osauza munthu malowo, ngakhale wachibale, bambo akaimba foni, amayi asayankhe ali okha, kuphika ndi kusesa n'kosinthana. Sabata iliyonse kunkabwera mayi wa uphungu. Ankakhala ndi amayi paokha, inenso pandekha. Ataona kuti sindikulankhula sanandikakamize, anandilola kuti ndiziyankha polemba. Mawu anabwerera okha, pang'onopang'ono, moti tsiku lina ndinadzimva ndikukangana ndi Tiya pa nkhani ya sopo.

Za bambo wa lole uja, wapolisi anamuimbira n'kumuuza zaka zanga, ndipo ndikumva kuti sanaonekenso kumsika kwathu. Anaphiri atamva nkhaniyo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukwati? Iweyo, amene ukugonabe chala chili m'kamwa?"

Anandipezera yunifolomu ya mtsikana wina amene anakhalamo kale, anaibweza m'chiuno, n'kundiperekeza okha kusukulu yapafupi. Ndinabwereza Fomu 2, ndikukhala benchi limodzi ndi ana amene kale ndinkawaona ngati ang'ono anga. Manyazi analipo. Koma manyazi a benchi amatha pakangopita sabata zochepa. Amayi nawo anaphunzira kuphika masikono, ndipo wagolosale wina wachisilamu ankawatenga kukagulitsa m'sitolo mwake osafunsa kuti ophikawo ndi ndani kapena akuchokera kuti.

Nyumbayo ndi yaing'ono. Tsiku lina kunafika mayi wa ku Luwani ndi ana ake, mapazi atatupa ndi kuyenda, ndipo anagona pansi pakati pa mabedi chifukwa malo anali atatha. Ena amachita kuuzidwa kuti adikire kaye. Adikire kuti? Malo omwera mowa ali paliponse m'boma lino, palibe amene amabwezedwa kuti mwadzaza. Koma poti mayi wothyoka nthiti agone ndi ana ake, tikuchita kupanikizana.

Komatu chidikiro si mudzi. Nthawi yathu yochoka inayandikira, ndipo funso linali loti tipita kuti. Nyumba yathu ya kumtunda ili pamalo a agogo anga obereka amayi. Bambo kwawo ndi cha ku Matope, kwathu anabwera kudzakwatira, ndi mkamwini. Munda ndi wa amayi, njerwa anaumba ndi amayi. Koma amene ankagona m'nyumbamo anali bambo, ife tikugona kwa eni. Anaphiri anawauza amayi kuti khoti limatha kulamula womenyayo kuti achoke panyumba ndipo asayandikirenso. Amayi ankangopukusa mutu: "Ine kusumira bambo wa ana anga? Anthu adzati chiyani?"

Mauthenga ankabwera kudzera kuofesi ija. Mbatatesi zikuwola m'munda. Akutchalitchi akufunsa. Bambo asintha, asiya mowa. Ndinaona amayi akuyamba kupinda zovala, kuzimasula, kuzipindanso. Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi: akabwerera kwa bambo, ulendo wina sindidzawakankha panjinga. Tidzachita kuwanyamula.

Amalume anapempha zokambirana. Anaphiri anakana kuti abwere kunyumba ija, choncho tinakakumana kuofesi, mayi wa kuofesi uja ali pomwepo. Bambo anabwera atasamba, atavala jekete, jumbo ili m'manja.

"Mwanayu atuluke," anatero amalume. "Ndi nkhani za akuluakulu izi."

"Akhale," anatero amayi. "Pomenyedwa ine amakhalapo. Simunamutulutsepo."

Amalume anatsokomola. "Achemwali, mwatichititsa manyazi. Nkhani ya m'nyumba mpaka kwa apolisi, ngati mulibe abale? Mwambo wathu umati zikavuta mumabwera kwa nkhoswe, nkhoswe ikonza. Alamuwa alapa. Tiyeni kwathu."

Bambo anagwada pasimenti. "Make Tadala, ndinalakwa. Pakhomo pazizira popanda inu." Kenako anandiyang'ana ine. "Mwana wanga, wanenepatu." Ndisaname, mtima wanga unafewa. Anali mawu omwe aja a bambo ondiphunzitsa njinga.

Anapereka jumbo. Amayi anatambasula manja awiri n'kulandira. Anatulutsa chitenjecho, anachiyala pamiyendo. Chinali chobiriwira, chokongola kuposa zonse zakale. Anachisisita ndi chikhatho.

"Achimwene, malo aja ndi a yani?"

"Mukufunsa chiyani? Ndi a malemu mayi athu."

"Nanga bambo a Tadalawa kwawo ndi kuti?"

Amayi anapitiriza, akuwayang'ana amalume m'maso.

"Mwandibweza kangati pakhomo paja, inu patsogolo ine pambuyo? Koma mwambo umene mukuunenawo umatinso mkamwini akavuta, eni mudzi amamuuza kuti anyamule zake abwerere kwawo. Iwowa simunawaperekezepo ngakhale kufika pamsewu. Mumangokumbukira theka la mwambo, theka lopweteka ine."

"Achemwali, tamverani kaye."

"Ndamvera zaka zonsezi. Kwathu ndibwerera ndithu, ndi kwathu. Koma ndikapeze atachoka."

Anapinda chitenje chija bwinobwino, anachibwezera m'jumbo, n'kuiika pansi pafupi ndi bondo la bambo. Kenako anatembenukira kwa mayi wa kuofesi.

"Mayi, kukhoti kuja amalowera khomo liti?"

Khoti linalamula, apolisi anakaonetsetsa kuti bambo achoka, ndipo ife tinakwera kumtunda. Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Mbatatesi zinali zitawoladi, ndipo miyezi yoyamba tinadya movutika. Amalume sanapondenso pakhomo pathu. Ena kumjigo amati amayi ndi amwano, anathamangitsa mwamuna. Ndi anthu omwe aja oti muziponda bwino. Khutu lija silimvabe. Koma Tiya amasewera panja mpaka kuchita kumuitana, ndipo ine mayeso a Fomu 2 ndinakhoza. Bambo anga ndimawasowa, nthawi zina ndimalira, ndipo sindikufuna kuti abwerere. Zonse ziwirizo ndi zoona, ndasiya kuzikanganitsa.

Inu amayi amene muli m'madzi amenewa, zochepa zimene taphunzira ndi izi. Mukapita kuchipatala, nenani chimene chachitika, ngakhale ndi mawu amodzi. Uzani munthu amene si wa m'banja, amene salandira kanthu kwa amuna anu: anesi, aphunzitsi, a kuofesi ya za mabanja, wapolisi. Pochoka tengani ana, chiphaso chanu ndi mabuku a kuchipatala. Mapoto ndi mbuzi zisiyeni, zimapezekanso. Ndipo pa zokambirana musakhale nokha.

Atsikana anzanga, lole imene ikuchotsani pakhomo popweteka sikukutengerani kwabwino. Uzani aphunzitsi musanalongedze.

Inu oyandikana nawo nyumba, mukamva, pitani mukagogode. Ngati mukuopa, namizirani kupempha moto. Kudziwa kuti pakhomo pali munthu kumaimitsa dzanja la womenya.

Ndipo inu abambo amene mwakhala kumbuyoko, ena ndinu ankhoswe. Ine ndine mwana, sindiyenera kukulangizani, ndikudziwa. Ndingokufunsani: mlongo wanu akabwera magazi ali m'kamwa, mumakhala nkhoswe ya ukwati, kapena ya iyeyo?

Amayi anga ali panja pageti ndi beseni la masikono. Anati ndikuuzeni kuti amene akufuna kudziwa njira ya kunyumba ija, koma akuopa maso a anthu, angopita ngati akukagula. Palibe amene amadabwa ndi mayi wochedwa pabeseni akusankha.